Makhadi afika, koma lipirani kaye

Khadi limodzi la Pokémon kapena la Magic: The Gathering ndi kapepala kolimba, mamilimita 63 m'lifupi ndi 88 m'litali, ndipo kulemera kwake sikufika n'komwe magalamu awiri. Kapepala komweko kamatha kugulidwa ndi timasenti, kamathanso kugulidwa ndi ndalama zomangira nyumba zambirimbiri. Mu Ogasiti 2022 khadi la Mickey Mantle, katswiri wa baseball, losindikizidwa ndi kampani ya Topps mu 1952, linagulitsidwa madola 12.6 miliyoni a ku America. Ogula ambiri safika uko. Amasaka khadi la madola 20 kapena 60 loti akwaniritsire makhadi awo osewerera, kapena la wosewera mpira amene amamukonda. Ndipo popeza khadi limene munthu akufuna nthawi zambiri limakhala m'manja mwa wina kutsidya la nyanja, malonda amenewa amadutsa malire tsiku ndi tsiku, kudzera pa eBay, pa TCGplayer, pa Cardmarket ya ku Berlin, kapena pa Mercari ya ku Japan.

Dandaulo la ogula amenewa ndi limodzi, kaya ali ku Toronto, ku Manchester kapena ku Johannesburg. Munthu walipira mtengo wa makhadi, walipiranso yotumizira, mumtima n'kumati zatha, chatsala n'kudikira basi. Patapita masiku, uthenga uwu pafoni, kapena dalaivala wa kampani yonyamula katundu uyu pakhomo, kamakina kolipirira kali m'manja: phukusi lanu lafika, koma simulandira musanapereke zakutizakuti. Nthawi zina ndalamayo imayandikira theka la mtengo wa makhadiwo. Mkwiyo wonse umathamangira kwa a kasitomu ndi boma. Komatu mukawerenga pepalalo mzere ndi mzere, mupeza kuti pa maphukusi ang'onoang'ono gawo lalikulu la ndalamayo kawirikawiri silikupita ku boma ayi.

Bilu ya pakhomoyi ndi ndalama za mitundu itatu zomangidwa mtolo umodzi. Pali dyuti, msonkho wolowetsera katundu m'dziko. Pali msonkho wa pa malonda, umene ku Britain, ku Ulaya ndi kwathu kuno ndi VAT, ku Canada ndi GST kapena HST. Ndiye pali ndalama ya kampani yonyamula katunduyo, imene imakulipiritsani chifukwa yakuombolerani phukusi ngati ejenti wanu. Ziwiri zoyambazo zinaikidwa ndi lamulo, ndipo ndi zofanana kwa aliyense. Yachitatuyo ndi mtengo wa ntchito, woikidwa ndi kampani, ndipo umasiyana kutali malinga ndi amene wanyamula phukusilo.

Dyuti ndi imene anthu amaiopa kwambiri, pomwe pa makhadi ndi yaing'ono. Katundu aliyense wodutsa malire amapatsidwa nambala m'kaundula wotchedwa Harmonized System, amene bungwe la World Customs Organization la ku Brussels lakhala likuyang'anira kuyambira mu 1988. Makhadi osewerera ali pa nambala 9504.40, pamodzi ndi makhadi wamba a juga. Mayiko a European Union amadula 2.7 peresenti pa nambala imeneyi, ndipo pa mndandanda wa misonkho ya masiku onse wa ku America palibe dyuti n'komwe. Makhadi a osewera mpira, amene anthu amangosunga osasewerera masewera alionse, ena amawaika pa 4911, pa zithunzi zosindikiza. Chosokoneza ndi chakuti dyuti imayang'ana kumene katundu anapangidwa, osati kumene phukusi lachokera. Pangano la malonda pakati pa Britain ndi European Union limachotsa dyuti pa katundu wopangidwa m'mayiko amenewo okha. Choncho khadi la Pokémon losindikizidwa ku Japan, ngakhale mutaligula kwa munthu wa ku Berlin, pamaso pa a kasitomu ndi la ku Japan basi. Makhadi a Magic amasindikizidwa ku America, ku Belgium ndi ku Japan, moti makhadi awiri a dzina limodzi atha kukhala ndi kwawo kosiyana.

Umene umaluma ndi msonkho wa pa malonda, makamaka chifukwa cha momwe amauwerengera. Ku Britain VAT ndi 20 peresenti, ndipo saidula pa mtengo wa makhadi wokha. Amaphatikiza mtengowo, ndalama yotumizira, inshuwalansi ndi dyuti ngati ilipo, kenako n'kudula pa zonsezo. Tiyerekeze kuti Mmalawi wokhala ku Leeds wagula makhadi a mapaundi 140 kuchokera ku America, kutumiza mapaundi 10. Ngakhale tisawerengere dyuti, VAT ikhala mapaundi 30. Phukusi likabwera ndi Royal Mail, pawonjezeka mapaundi 8 amene kampaniyi yakhala ikulipiritsa kwa zaka zambiri chifukwa chotolera msonkhowo. Zonse mapaundi 38. Ku South Africa kawerengedwe kake ndi kena: SARS, yotolera misonkho kumeneko, imayamba yawonjezera 10 peresenti pa mtengo wa katundu wochokera kunja kwa mayiko a mgwirizano wa kasitomu wa SACU, n'kuikapo dyuti, kenako n'kudula VAT ya 15 peresenti. Makhadi a R1,000 opanda dyuti amalipira R165, osati R150 monga momwe wogula anawerengera m'mutu.

Pa msonkho umenewu ine sindiona chodandaulira. Wa sitolo ya makhadi ku Leeds amalipira lendi, amalipira antchito, ndipo khadi lililonse limene agulitsa limakhala ndi VAT. Kukanakhala kuti makhadi ochokera kunja amalowa opanda msonkho, ndiye kuti boma likulanga wamalonda wake womwe chifukwa chokhala pafupi. Vuto la VAT ndi lakuti wogula sanaione pa nthawi yogula, osati kuti ilibe chifukwa.

Nkhani yeniyeni ili pa ndalama ya ejenti, ndipo kuti imveke tiyenera kudziwa kuti phukusi limalowa m'dziko kudzera pa makomo awiri osiyana. Khomo loyamba ndi la positi. Mapositi a dziko lonse lapansi amagwira ntchito pansi pa Universal Postal Union, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874. Wotumiza amadzaza kafomu ka CN22, kapena CN23 ngati katundu ndi wodula, n'kumata paphukusi. Likafika, a kasitomu eni ake ndi amene amawerenga kafomuko ndi kuwerengera msonkho, ndipo positi imangotolera, n'kuikapo kandalama kake kosasinthasintha. Khomo lachiwiri ndi la makampani monga UPS, FedEx ndi DHL. Amenewa si positi. Phukusi lililonse limene anyamula limatengedwa ngati katundu wamalonda, ndipo lamulo limafuna kuti mwini wake, kapena ejenti wachilolezo, alembe chikalata chofotokoza katunduyo, nambala yake, mtengo wake ndi kumene anapangidwa. Makampaniwa ali ndi maejenti awoawo. Amalemba chikalatacho phukusi lisanafike n'komwe, amalipiratu msonkho kuchokera m'thumba mwawo kuti katundu asachedwe, kenako amabwera kwa inu kudzatenga zawo. Ndipo zawozo zimabwera zitabereka: pali ndalama yolembera chikalata, pali ina chifukwa chokukongozani ya msonkho ija, pali msonkho pa ndalama zimenezi, ndiponso mukachedwa kulipira pali ya malo osungira.

Dziko limene nkhani imeneyi inazika mizu ndi Canada, chifukwa msika waukulu wa makhadi uli kungodutsa malire, ku America. Canada Post yakhala ikulipiritsa madola 9.95 a ku Canada pa phukusi limene a Canada Border Services Agency alidula msonkho, kaya ndi lotchipa kaya lodula. Munthu wa ku Ontario, kumene HST ndi 13 peresenti, akagula makhadi a madola 100, amalipira madola 13 a msonkho ndi 9.95 a positi, zonse 22.95. Makhadi omwewo akabwera pa msewu ndi UPS Standard, ndalama ya ejenti imawerengedwa malinga ndi mndandanda wa kampaniyo umene umakwera potengera mtengo wa katundu, ndipo pa phukusi ngati limeneli imaposa msonkho weniweniwo. Chodabwitsa n'chakuti kampani yomweyo ikanyamula pa ndege, pa mtengo wake wapamwamba, ntchito yolemba chikalata imakhala ili kale mu mtengo wotumizirawo. Ndiye wogulitsa wa ku Ohio, poyesa kuchitira kasitomala wake zabwino, amasankha njira yotchipa ya pa msewu, n'kupulumutsa madola ochepa, osadziwa kuti wamutchera msampha mnzake wa ku Toronto.

Malire a mtengo nawonso amasokoneza. Pa positi, Canada sidula msonkho katundu wosapitirira madola 20. Pangano la malonda la CUSMA, pakati pa Canada, America ndi Mexico, litayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2020, katundu wochokera ku America kapena ku Mexico wonyamulidwa ndi makampani aja anapatsidwa malire ena: osapitirira madola 40 palibe msonkho uliwonse, osapitirira madola 150 palibe dyuti. Ambiri anangomva za 150 zija n'kuganiza kuti pansi pake zonse ndi zaulere. Sichoncho. Kuyambira pa 40 kukwera msonkho wa pa malonda ulipo, ndipo pamene pali msonkho woti utoleredwe, ejenti naye amakhala ali pompo.

Palinso china chimene chimachititsa kuti biluyi ioneke ngati yagwa kuchokera kumwamba. Pa positi pamadutsa maphukusi ochuluka zedi, ndipo a kasitomu sangathe kuimitsa lililonse. Timaenvulopu tambiri ta makhadi timadutsa osafunsidwa kanthu ngakhale titapitirira malire. Wogula amazolowera, n'kuyamba kuganiza kuti ndiye lamulo lake. Tsiku limene phukusi laimitsidwa amati alakwitsa, pomwe kulakwitsa kunali masiku onse aja ankadutsa ulere. Makampani onyamula katundu saphonya ngakhale limodzi, chifukwa phukusi lililonse limalowa mukompyuta, ndipo chikalata chilichonse ndi ndalama kwa iwo.

Kodi ndiye kuti makampaniwa akuba? Ntchito amagwiradi, ndipo ejenti amene walemba zabodza pachikalata amayankha mlandu. Chimene chimandivuta ine ndi china. Aliyense amene anaitanitsapo galimoto ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe amadziwa kuti mtengo wa pa intaneti uja ndi poyambira chabe. Pali ya MRA, palinso ya ejenti wokiliyalitsa. Koma ejenti wa galimotoyo mumamusankha nokha. Mumafunsa anzanu, mumamuimbira, mumanenerera, ndipo akakudulirani mumapita kwa wina. Pa phukusi la makhadi, ejenti ndi amene wakusankhani inu. Pangano lonyamula katundu linapangidwa pakati pa wogulitsa ndi kampani, inu kulibe, koma bilu ya ntchito imene simunaitanitse yalembedwa dzina lanu. Mtengo wake mumaudziwa ntchito itatha, makhadi anu ali m'galimoto ya amene akukulipiritsaniyo. Pamenepo palibe kunenerera. Kuona kwanga, mtengo umenewu unayenera kuoneka pa nthawi yogula, monga momwe imaonekera ndalama yotumizira.

Njira yozemba ilipo, ngakhale si aliyense angaikwanitse. Ku Canada lamulo limalola munthu kudziombolera yekha katundu wake. Amadziwitsa kampaniyo msanga kuti asamulembere chikalata, amatenga nambala ya phukusi ndi invoisi, amapita ku ofesi ya a kasitomu, amalipira msonkho, kenako amaonetsa kampaniyo lisiti kuti itulutse katundu. Kwa wokhala pafupi ndi ofesi yotere, zimatheka. Kwa wakutali, amene ayenera kujomba kuntchito ndi kuthira mafuta, ndalama ya ejenti ija imayamba kuoneka yopepukirapo, ndipo makampaniwa amadziwa zimenezi.

M'zaka zapitazi maboma akhala akutseka mipata ya maphukusi ang'onoang'ono, aliyense mwa njira yake. Pa 1 Januwale 2021 Britain inathetsa mwayi wakale woti katundu wosapitirira mapaundi 15 alowe wopanda VAT, n'kulamula kuti pa katundu wosapitirira mapaundi 135, VAT idulidwe pa nthawi yogula, ndi wogulitsa kapena msika wa pa intaneti. European Union inachita zofanana pa 1 Julayi chaka chomwecho: inathetsa malire a mayuro 22, n'kubweretsa dongosolo la IOSS la katundu wosapitirira mayuro 150. Kwa wogula iyi ndi njira yabwinopo, chifukwa amaona ndalama yonse asanadine batani, ndipo pakhomo sipakhalanso chofunsa. Koma ili ndi minga yake. Ogulitsa ena ang'onoang'ono a ku Ulaya anangosiya kutumiza ku Britain poopa chintchito cholembetsa ku HMRC, yotolera misonkho m'dzikomo. Ndiponso wogulitsa akaiwala kuika nambala ya IOSS pa zikalata za phukusi, a kasitomu saona umboni woti VAT inalipidwa, ndiye amaidulanso kachiwiri, ejenti n'kuikapo yake. VAT yachiwiriyo itha kubwezedwa mutalemba makalata okwanira, koma ya ejenti kubwerera kwake n'kovuta.

Amene anadzidzimuka kwambiri ndi a ku America. Kuyambira mu 2016 katundu wosapitirira madola 800 ankalowa m'dzikomo wopanda dyuti ndiponso wopanda zikalata zambiri. Malirewo kale anali madola 200. Ogula makhadi a Pokémon a Chijapani anakulira m'nyengo imeneyo, osadziwa n'komwe kuti kuli chinthu chotchedwa ejenti wa kasitomu. Pa 2 Meyi 2025 mwayiwo unathetsedwa pa katundu wa ku China ndi Hong Kong, ndipo pa 29 Ogasiti unathetsedwa pa mayiko onse. Mapositi a mayiko ambiri, kuphatikizapo Japan Post, anayamba aimitsa kutumiza maphukusi a katundu wamalonda ku America chifukwa njira yotolerera dyuti yatsopanoyo inali isanakonzeke. Khomo la positi litatsekeka choncho, ogulitsa anathamangira ku makampani onyamula katundu, ndipo ogula anakumana ndi dyuti yapadera, yosakhala pa mndandanda wa masiku onse uja, ndi ndalama ya ejenti tsiku limodzi, zonse kwa nthawi yoyamba.

Zikatere, nzeru imene imabwera msanga ndi youza wogulitsa kuti, "Lembani mtengo wochepa," kapena, "Lembani kuti ndi mphatso." Ndi nzeru yopusa. Mphatso ili ndi malire ake, mapaundi 39 ku Britain ndi madola 60 ku Canada, ndipo iyenera kukhala yochokera kwa munthu kupita kwa munthu, popanda malonda. Kulemba zabodza pa fomu ya kasitomu ndi mlandu, ndipo katundu atha kulandidwa. A kasitomu nawonso ali ndi intaneti. Khadi limene linapimidwa ubwino wake n'kutsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki limakhala ndi nambala yakeyake, ndipo mitengo imene makhadi otere agulitsidwa imaoneka poyera. Koma chilango chimene chimagwa kawirikawiri sichichokera ku boma n'komwe. Khadi la madola 500 lolembedwa madola 20 likasowa panjira, inshuwalansi idzabweza madola 20 omwewo. Mbali inayo nayonso ilipo: wogulitsa wamantha amene walemba mtengo wopitirira pofuna kudziteteza amakwezera wogula msonkho, ndipo wogulayo ayenera kuonetsa lisiti yeniyeni kuti abwezeredwe.

Chopweteka koposa chimagwera amene amatumiza makhadi awo kukapimitsa. Mtengo wa khadi umadalira kwambiri mmene lilili, ngodya zake, m'mphepete mwake, ngati chithunzi chinakhala pakatikati, ndipo makampani monga PSA ya ku California amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10. Munthu wa ku Britain amatumiza khadi lake ku America, limapeza 10, n'kubwerera mtengo wake utakwera kangapo. Pa zikalata zobwerera pakalembedwa mtengo watsopanowo popanda kufotokoza kuti ndi katundu wobwerera kwa mwini wake, a kasitomu amalitenga ngati lagulidwa kumene, ndipo munthuyo amalipira msonkho pa khadi lake lomwe. Britain ili ndi lamulo la Returned Goods Relief lothandiza pa zoterezi, koma limafuna umboni woti katunduyo anatulukadi m'dzikomo. Amene anataya lisiti ya ku positi ya tsiku lotumiza amakhala alibe pogwira. N'chifukwa chake ambiri amadutsira kwa amalonda amene amasonkhanitsa makhadi a anthu ambiri, n'kutumiza pamodzi ndi zikalata zolongosoka.

Kwa wogula ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chimene chimakula ndi ndalama yotumizira. MRA imawerengera msonkho pa mtengo wa katundu pamodzi ndi inshuwalansi ndi yonyamulira. Kutumiza kaphukusi kuchokera ku Tokyo kapena ku New York ndi kampani ya ndege kutha kudula kuposa makhadi ali m'katimo, ndiye msonkho waukulu umakhala wa ulendo, osati wa makhadi. Zonsezo zimasinthidwa kukhala makwacha pa nthawi yoombola, osati pa tsiku logula, ndipo amene katundu wake anali panjira mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, anaona kusiyana kwake.

Zonsezi zimagamulidwa phukusi lisananyamuke, pa nthawi imene wogulitsa akusankha wonyamula. Pa malamulo a Incoterms a International Chamber of Commerce pali mawu awiri achidule ofunika kuwadziwa. DDP ikutanthauza kuti wogulitsa walipiratu msonkho ndi zoombolera, ndipo inu mungolandira. DAP ikutanthauza kuti iye wangolipira ulendo, zotsalazo ndi zanu. Ogulitsa ambiri ang'onoang'ono amatumiza pa DAP osadziwa n'komwe dzina lake. Funso loti muwafunse musanalipire ndi lalifupi: mutumiza ndi ndani, ndipo msonkho alipira ndani? Positi imachedwa, ndipo kulondola phukusi lake kumavuta likangotuluka m'dziko, koma pa makhadi otchipa ndiyo yopepuka. Pa khadi lodula kwambiri, ndalama ya ejenti ndi kachigawo kakang'ono poyerekeza ndi chitetezo cha kampani yoyankha foni. Kuphatikiza makhadi ambiri m'phukusi limodzi, monga amachitira makampani othandiza kugula ku Japan a Buyee ndi ZenMarket, kumachepetsa yotumizira ndi ya ejenti, komano kutha kukudumphitsani malire a mapaundi 135, n'kugwera m'dyuti imene maphukusi awiri osiyana akanailambalala.

Nanga kungokana phukusilo pakhomo? Ambiri amayesa, poganiza kuti ndalama zawo zibwerera. Phukusi lokanidwa limabwezedwa kwa wogulitsa, amene kampani imamulipiritsa ulendo wobwererawo, ndipo iye amachotsera pa ndalama yanu, ngati angabweze n'komwe. Misika yambiri ya pa intaneti inalemberatu kuti msonkho wolowetsera katundu ndi udindo wa wogula. Wogulitsa akakana kulipira wobwezera, phukusi limatengedwa ngati lotayidwa. Makampani ena sagogoda n'komwe ndi kamakina. Amasiya phukusi mwaulemu, munthu n'kutsegula, n'kuika makhadi ake m'thumba la pulasitiki, ndipo invoisi imabwera patapita masabata angapo. Ikapanda kulipidwa, imaperekedwa kwa otolera ngongole.